Mwaye wa Ndege Zing'onozing'ono

Ana ambiri a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi anaziwonapo ndege zing'onozing'ono zikudutsa pamwamba pa midzi yawo. Zina mwa ndegezi zimanyamukira pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, lomwe linatsegulidwa m'chaka cha 1983, ndipo zimalunjika ku chilumba cha Likoma. Mtundu umodzi wa ndege zotere ndi Cessna 206, imene ili ndi mipando 6 ndi injini imodzi yokha. Popeza injiniyo ilibe inzake yoilandira ikatopa, imasamalidwa koposa.

Ndege yotere ikatera, makaniko amawerama nayang'ana kunsi kwake, kumbuyo kwa paipi yotulutsira utsi. Chimene amafuna kuwona ndi mwaye, pakuti mwayewo ndiwo umaulula m'mene injini yadyera pa ulendo wonse.

Mwana aliyense amene anayatsapo nyali ya galasi angathe kuimvetsa nkhaniyi. Chingwe cha nyali chikakwezedwa kwambiri, parafini amachuluka koma mpweya umaperewera. Moto umafiira, utsi umatuluka, ndipo galasi limada bii. Injini ya ndege nayonso imatentha petulo wosakaniza ndi mpweya. Kuti petulo wolemera kilogalamu 1 apse bwino, pamafunika mpweya wolemera makilogalamu pafupifupi 15. Mpweya ukaperewera, petulo wina amatuluka wosapsa bwino nasiya mwaye wakuda.

Vuto ndi lakuti mpweya suli wofanana paliponse. Munthu akamakwera m'mwamba, mpweya umanka nuchepa. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, bwalo la Kamuzu lili pa mamita opitirira 1,200, ndipo phiri la Ntchisi limapitirira mamita 1,500. Ndege imauluka pamwamba pa zonsezi. Ikafika pa mamita 3,000, mpweya umene imaupeza umakhala magawo atatu okha mwa magawo anayi a mpweya wa kugombe la nyanja yamchere. Injini wamba ikafika kumeneko imafooka ngati munthu wa phuma pa chitunda. Chifukwa chake pafupi ndi dzanja la woyendetsa ndege pali kachogwirira kofiira. Akakakoka pang'ono, petulo wopita mu injini amachepa kuti afanane ndi mpweya umene ulipo.

Ndege zina zili ndi makina otchedwa turbocharger, amene anatulukira Alfred Büchi wa ku Switzerland m'chaka cha 1905. Makinawa amagwira ntchito ya mvukuto. Wosula makasu akafuna moto waukali amavukuta, ndipo makala amayaka ngee. Koma mvukuto wa ndege suvukutidwa ndi manja. Utsi wotentha umene ukuthawa mu injini umazunguza kagudumu kokhala ndi timapiko. Kagudumu kameneka kamazunguza kanzake, ndipo kanzakeko kamakankhira mpweya wambiri mu injini. Motero injini imapuma mokwanira ngakhale ili pamwamba pa mapiri, ngati kuti ikadali kuchigwa.

Mphamvu imeneyi imabwera ndi kutentha koopsa. Utsi wolowa mu turbocharger umatha kufika pafupi ndi madigiri 900, pamene madzi a nsima amawira pa madigiri 100 okha. Pano mpamene woyendetsa ndege amafunika nzeru. Ponyamuka ndi pokwera, injini imagwira ntchito yakalavulagaga, choncho iye amaipatsa petulo wochuluka dala, pakuti petulo wowonjezerayo amathandiza kuti injini isatenthetse. Ndege ikafika pa msinkhu woyenera ndi kuyamba kuyenda mowongoka, amachepetsa petulo pang'onopang'ono, maso ali pa kawotchi kosonyeza kutentha kwa utsi. Akachepetsa mosasamala injini ikukoka mwamphamvu, zitsulo za m'kati zimapsa ndi kuwonongeka. Akaiwala kuchepetsa, petulo amangotayika ndipo angathe kutha ulendo usanathe. Pamwamba pa nyanja palibe malo oima kuti munthu athire wina.

Zonsezi makaniko amaziwerenga pa mwaye. Mwaye wakuda ndi wofewa umasonyeza kuti petulo anachuluka. Ukakhala wakuda koma wonona, ndiye kuti oyilo akulowa m'malo osayenera. Ukakhala wotuwa ngati phulusa, kawirikawiri palibe chodetsa nkhawa, chifukwa petulo wa ndege zoterezi, amene ndi wobiriwira ngati thambo, amathiridwa mtovu pang'ono, ndipo mtovuwo ndiwo umasiya kutuwako. Petulo wa galimoto wokhala ndi mtovu analeka kugulitsidwa pa dziko lonse lapansi m'chaka cha 2021, koma ndege zing'onozing'ono zambiri zimagwiritsabe ntchito wa mtovu. Mtovu ndi poizoni, n'chifukwa chake wotsuka ndege amavala magolovesi ndi kusamba m'manja asanadye. Mtovu womwewo umaunjikananso pa mapulagi ngati injini ilira nthawi yaitali ndege ili pansi, petulo ali wochuluka, ndipo pulagi yotsekeka siyatsa moto.

Mwaye woopsa kuposa wonse ndi umene umapezeka pa malo achilendo. Makaniko akawona kamzera kotuwa kapena kakuda polumikizira mapaipi m'kati mwa chivundikiro cha injini, amadziwa kuti paipi yang'aluka kapena yakhwepa. Utsi wotuluka pamenepo ungathe kuyambitsa moto. Ungathenso kulowa m'chipinda cha anthu, ndipo m'utsimo muli mpweya woipa wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Ndi mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mazenera. Woyendetsa ndege akaupuma amamva mutu, kenaka amayamba kusinza. Choncho makaniko akapeza kamzera kotere, ndegeyo sinyamuka, ngakhale apaulendo atafika kale ndi katundu wawo, kufikira paipiyo itakonzedwa.

Mafunso

1. Kodi galasi la nyali limada chifukwa chiyani?
2. Fotokozani m'mene turbocharger imafananira ndi mvukuto.
3. N'chifukwa chiyani woyendetsa ndege amapatsa injini petulo wochuluka pokwera?
4. Kodi makaniko amaphunzira chiyani akawona mwaye wakuda ndi wonona?