Chiŵerengero cha Maliro ndi Zimene Chitiuza

Ife okhala ku Area 36 tili ndi njira yathu yoŵerengera imfa. Timaona nthambi zoyalidwa pamseu, timamva nyimbo za amayi a Chigwirizano usiku, ndipo mlembi wa mpingo akaimirira Lamulungu timatchera khutu kuti timve maina. Mu Januwale 1 mpaka kumapeto kwa mwezi umenewo m'chaka cha 2023 sitinasoŵe wotiuza kuti zinthu zaipa. Adzukulu anatopa, ndipo akulu a mpingo ankachoka pamaliro ena kupita pa ena. Koma maso a munthu amaona mudzi umodzi wokha. Kuti dziko lidziŵe ngati imfa ikukwera kapena ikutsika, pafunika kulemba ndi kuphatikiza sabata ndi sabata.

Nzeru imeneyi njakale. Ku London alembi a mipingo ndiwo ankasonkhanitsa chiŵerengero cha oikidwa m'manda sabata iliyonse, makamaka chifukwa choopa mliri. M'chaka cha 1662 wamalonda wina, John Graunt, anasanthula mapepalawo naona kuti imfa ili ndi nyengo zake ndi mayendedwe ake. Tisaiŵale kuti ntchitoyo inali m'manja mwa anthu a mpingo.

Tsono tiyeni tione kolera wa kwathu kuno. Wodwala woyamba anapezeka ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana amene anagumula zimbudzi ndi kuipitsa zitsime m'chigawo cha kumwera. Matendawo anayenda pang'onopang'ono, ndipo chodabwitsa nchakuti sanaleke ngakhale m'chilimwe, monga achitira zaka zambiri. Pofika kuchiyambi kwa Januwale 2023 anthu 595 anali atamwalira. Tikagaŵa nambala imeneyi pa miyezi khumi, tipeza anthu pafupifupi 14 pa sabata. Koma pa 3 Febuluwale chiŵerengero chinali chitafika pa 1,210. Ndiko kunena kuti m'masabata asanu okha munafa anthu oposa amene anafa m'miyezi khumi, kapena anthu oposa 120 pa sabata. Aŵerengi okondedwa, imani pang'ono pamenepa. Mpingo wina waung'ono wa kumudzi sukwana anthu 120 pa Mgonero.

Kodi chinasintha nchiyani? Mvula inagwa. M'madera monga athu, kumene nyumba nzothinana, chimbudzi ndi chitsime zimakhala pafupi, ndipo madzi akasefukira zonyansa zimaloŵa m'madzi akumwa. Banja limene lilibe ndalama yogulira ndowa ya madzi pa kiyosiki limatunga pachitsime chosatetezedwa. Kuwonjezera apo ambiri ankafika mochedwa ku Bwaila ndi kuzipatala zina, thupi litauma kale, pakuti kolera akhoza kupha munthu wamphamvu tsiku lisanathe. A zaumoyo amati kumene chithandizo chafika msanga, pa odwala 100 sipayenera kufa ngakhale mmodzi wathunthu. Kwathu kuno ankafa atatu.

Nambala zimenezi ndizo zinadzutsa akuluakulu. Sukulu za mu mzinda wa Lilongwe ndi wa Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo pa 13 Febuluwale Dr. Lazarus Chakwera, amene anali Mtsogoleri wa dziko nthaŵi imeneyo, anakhazikitsa ntchito ya Tithetse Kolera ku Mgona. Alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo ndi mankhwala othira m'madzi. Pamaliro a kolera analetsa kusambitsa mtembo ndi kuphika nsima ya khamu. Tivomereze kuti zimenezi zinatiŵaŵa, ndipo ena mwa ife tinang'ung'udza, ngakhale kubisa kumene chimene chinapha m'bale wathu. Komabe m'masabata otsatira chiŵerengero chinayamba kutsika. Pamapeto pake anthu oposa 1,700 anatisiya, kuposa pa mliri wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya Malaŵi, ndipo boma la Lilongwe ndilo linataya anthu ambiri koposa.

Pali vuto limene sitiyenera kulibisa. Nambala zonsezi nza anthu amene a chipatala anawaona. Wofera kunyumba, amene tinamunyamula usiku kupita naye kumudzi ku Dedza kapena ku Ntchisi, kaŵirikaŵiri salembedwa paliponse. Lamulo la kalembera la 2010 limafuna kuti imfa iliyonse ilembedwe ku National Registration Bureau, koma mabanja ambiri amakumbukira chikalata cha imfa pokhapokha pakakhala nkhani ya penshoni kapena ya chuma chamasiye. Ku South Africa, kumene imfa zambiri zimalembedwa, akatswiri ankafalitsa chiŵerengero cha sabata iliyonse m'nthaŵi ya Covid-19, ndipo anapeza kuti anthu amene anafa mopitirira chizoloŵezi anali pafupifupi 300,000, pamene boma linalengeza za anthu pafupifupi 100,000. Ife tinalengeza anthu osakwana 2,700, ndipo aliyense wokumbukira Januwale 2021, mwezi umene nduna ziŵiri za boma zinamwalira tsiku limodzi, akhoza kudzifunsa yekha ngati onse analembedwa.

Ena amati kuŵerenga akufa nkuyesa Mulungu. Ife sitiona choncho. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 23, chinalamula Aisraeli kukhala ndi malo odzithandizira kunja kwa zithando ndi kukwirira zonyansa zawo, ndiye kuti Ambuye sanyoza nkhani za ukhondo ngakhale zimene ife timachita nazo manyazi. Buku la mlembi wa mpingo lili kale ndi maina ndi masiku a Akristu omwalira. Nchiyani chingaletse nkhoswe ya mpingo kuliyang'ana mwezi ndi mwezi, ndi kudziŵitsa mlangizi wa zaumoyo ngati maliro a m'chigawo chimodzi achuluka modzidzimutsa? Achinyamata athu ophunzira masamu ku sekondale angathe kuthandiza pa ntchito yotere.

Mvula ya chaka chino isanayambe, makolo ayang'ane mtunda wa pakati pa chimbudzi ndi chitsime, ndipo m'nyumba musasoŵe paketi ya Thanzi. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi oŵiritsa, wodwalayo azimwa muli panjira yopita kuchipatala.