Sokani nokha kamisolo popanda kutaya kansalu

Mayi amene amagwira khasu kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kufika paliwombo amadziwa kuwawa kwa kamisolo wosamukwana. Makamisolo ambiri a pa kaunjika ndi a nayiloni, ndipo ena ali ndi waya m'munsi. Nayiloni samwa thukuta, choncho kunsi kwa mabere kumakhala konyowa tsiku lonse mpaka kutuluka zidzolo zoyabwa. Waya uja akaboola nsalu amalasa m'nthiti nthawi iliyonse mayi akawerama. Komanso pa mulu wa kaunjika palibe poyesera. Mumangoyerekeza ndi maso, kukafika kunyumba n'kupeza kuti wathina.

Chikhalirecho kachidutswa ka chitenje cha thonje kotalika masentimita 32 okha kakhoza kutulutsa kamisolo wathunthu, osatsala ngakhale kachigamba kosesa.

Akatswiri a zosokasoka amayerekeza kuti pa kadulidwe ka masiku onse, nsalu pafupifupi 15 pa 100 iliyonse imathera pansi pa thebulo. Yang'anani pakhonde pa telala madzulo, muona nokha. Mu 2016 Timo Rissanen ndi Holly McQuillan adatulutsa buku lotchedwa Zero Waste Fashion Design lophunzitsa kujambula chovala mwa njira yoti zidutswa zonse zigundane, mzere umodzi wa sizasi utulutse mbali ziwiri. Nzeruyi si yachilendo ayi. Ku Japan chovala chawo cha kimono akhala akuchidula chotere kuyambira kale, m'zidutswa zowongoka kuchokera pa mpukutu umodzi wa nsalu.

Tsono tengani tepi. Muyeso wofunika kwambiri ndi wozungulira thupi kunsi kwenikweni kwa mabere, chifukwa chimene chimanyamula katundu ndi lamba wa m'munsi, osati zingwe za pamapewa. Lamba akakhala wokhwepa, kulemera konse kumapita pamapewa ndipo zingwe zimadula mnofu. Miyeso ili m'munsiyi ndi ya mayi amene tepi yawerenga masentimita 80 kapena kuyandikira pamenepo.

Yambani mwachapa nsaluyo ndi kuisita, popeza thonje limabwerera likalawa madzi koyamba. Chitenje chimakhala ndi masentimita pafupifupi 110 mulifupi. Dulani chopingasa kuti mukhale ndi chidutswa cha 110 kwa 32. Pa chidutswacho chotsani mzere wa 110 kwa 12. Ameneyu ndiye lamba. Nsonga zake zonse ziwiri ndi mphepete ya kufakitale yosathothoka ulusi, motero sizifuna kupinda.

Chotsala ndi 110 kwa 20. Chigaweni pawiri, china 60 ndipo china 50. Cha 50 chija ching'ambeni pakati m'litali mwake, zituluke zingwe ziwiri za 50 kwa 10. Mukazipinda ndi kusoka zimakhala zotambalala masentimita 4, zabwino kwa mayi wosenza mtolo.

Luso lonse lili pa chidutswa cha 60 kwa 20. Ndi choko kapena kasopo kotsala, ikani chizindikiro m'mphepete ya m'munsi pa 24 ndi pa 48, ndipo m'mphepete ya m'mwamba pa 12 ndi pa 36. Jambulani mzere wokhotakhota kuchokera pangodya ya m'munsi ya kumanzere kukwera pa 12, kutsika pa 24, kukwera pa 36, kutsika pa 48, n'kukathera pangodya ya m'mwamba ya kudzanja lamanja. Mukadula mupeza zidutswa zinayi zooneka ngati samusa, ndi tina tiwiri ta theka kumapeto. Bere lililonse limatenga samusa ziwiri, ina kunja ina m'kati. Ta theka tija musataye. Tigonekeni pa lamba cha kukhwapa, kamodzi mbali iliyonse, kuti titchinge bere lisathawire m'mbali.

Ndikulangizani kuti muyambe mwayesa zonsezi pa nyuzipepala yakale. Pepala mukalakwitsa simudandaula.

Posoka siyani sentimita imodzi m'mphepete. Gundanitsani samusa ziwiri maluwa atayang'anana, sokani mbali ziwiri zopendekeka mutalowetsa chingwe cha paphewa pansonga, kenaka tembenuzani. Nsalu ya chitenje sitamuka, ndiye bere lingakhale pati pa chinthu chophwatalala? Yankho ndi makwinya. Pititsani ulusi m'munsi mwa samusa ndi kuukoka mpaka masentimita 22 aja afike pa 17. Pamenepo pamatuluka kathumba. Mayi wa mabere aakulu akulitse samusa zake, mwina 28 m'munsi ndi 23 msinkhu, ndipo nsalu idzafunika yochulukirapo pang'ono.

Pindani lamba pakati m'litali mwake, lowetsani m'munsi mwa samusa zija pakamwa pake zitapitana pang'ono pakati pa chifuwa, ndipo sokani kawiri. Masentimita 30 opitirira aja ndi omangira mfundo kumsana. Amene sakonda mfundo alowetse lasitiki wotambalala m'kati mwa lamba, wofupikirapo kuposa muyeso wa thupi, n'kulumikiza nsonga. Zingwe za pamapewa muzipingase kumsana, muyese kaye ndi mapini musanasokerere. Makina si ofunika kwenikweni. Singano ya pamanja ikwanira bola msoko ukhale wobwerera m'mbuyo ndi wothithikana.

Tisanamizane, kamisolo wotereyu sakweza mabere ngati wa waya wa m'sitolo, ndipo wopita ku ukwati mwina adzafunabe winayo. Koma wa kumunda, kudimba ndi kuchigayo ndi ameneyu. Woyamwitsa amangokankhira samusa imodzi pambali, mwana n'kuyamwa. Chitenje chimodzi cha mamita 2 chimatulutsa makamisolo 6, choncho amayi a pa kalabu akhoza kusonkherana n'kugawana. Mukachapa muziyanika padzuwa mpaka lamba aumiretu, chifukwa ndi wopinda pawiri ndipo amachedwa kuuma kuposa mbali zina.