Kodi Mumadziwa? Kupenta Tizidole ta Masewera a Patebulo

Tizidole ta asilikali, afiti ndi zilombo za m'nthano tomwe amaseweretsa pa masewera a Warhammer timagulitsidwa tosapenta, ndipo mwiniwake amatipenta yekha. Kachidole kamodzi kamatalika pafupifupi mamilimita 28 mpaka 32. Kampani ya Games Workshop, yomwe inayamba mu 1975 ku London ndipo likulu lake lili ku Nottingham, inatulutsa masewerawa mu 1983.

Ntchito imayamba ndi kudula tizidutswa ta pulasitiki n'kutimata ndi guluu. Kenako wopenta amapopera penti yoyamba kuti mitundu ina igwire. Akapaka mitundu yaikulu, amathira penti yamadzimadzi yakuda imene imakhazikika m'mapindo a zovala ndi m'makwinya a nkhope. Burashi yopukutidwa mpaka kutsala pang'ono kuuma imawalitsa m'mphepete mwa lupanga ndi chishango. Potsiriza amamata mchenga pamene kachidoleko kapondapo, n'kupaka vanishi kuti penti isasupuke ndi zala.

Mpikisano wa opentawa, Golden Demon, unayamba mu 1987, ndipo wopambana onse amalandira lupanga. Ku Johannesburg, okonda masewera a patebulo amakumana pa chionetsero cha Comic Con Africa, chomwe chinayamba mu 2018.