Utoto wa kumaso pa zisudzo: tisankhe wochoka ndi madzi



Teremu yatha gulu lathu la zisudzo lidachita sewero la gogo amene adagulitsa munda wa ana amasiye. Mnyamata wa Fomu 2 amene adasewera ngati gogoyo adaswa batire lakutha la wailesi, natenga zakuda za m'kati mwake n'kudzilemba makwinya. Anthu adaseka, adaomba m'manja. M'mawa mwake adabwera masaya atatupa, akuyabwa, ndipo bambo ake adafika ndi mafunso awiri: mwana wanga wapaka chiyani? Nanga Dhuhr adaswali bwanji nkhope ili bii choncho?

Mafunso onsewa adali oyenera, ndipo titawasinkhasinkha tidapeza kuti yankho lake ndi limodzi. Utoto woyenera nkhope ya mwana ndi umene umachoka ndi madzi ndi sopo basi. Wotere suvulaza khungu kawirikawiri, komanso sutchinga wudhu.

Tiyambe ndi za wudhu, poti ndi gawo lathu. Kusambitsa nkhope ndi faradhi, monga tikuwerengera mu Surah Al-Maidah ndime 6, ndipo madzi ayenera kufika pakhungu penipeni. Ma ulama amasiyanitsa zinthu ziwiri: mtundu wotsalira pakhungu, ndi chinthu chokhala pamwamba pa khungu ngati chikopa china. Hina amasiya mtundu wokha akauma n'kuyoyoka, n'chifukwa chake amayi amapanga wudhu manja ali ofiira popanda vuto. Koma penti ya mafuta, polishi ya nsapato kapena Vaseline wopaka mochindikala zimathamangitsa madzi, choncho ziyenera kuchoka kaye munthu asanayambe wudhu. Sewero likakhala la m'mawa, mwana asambe lisanafike adhana ya Dhuhr. Likakhala la masana, aswali kaye, kupaka kubwere pambuyo.

Tsopano zimene sitikufuna kuzionanso pasukulu pano. Zakuda za m'batire ndi mankhwala otentha khungu. Penti ya nyumba ndi ya mabwato, imene imapezeka mosavuta kuno kunyanja, ikakhala ya mafuta siichoka popanda palafini kapena thina, ndipo ina imakhala ndi mtovu. Phulusa ndi layimu zikakumana ndi thukuta zimawaula khungu, ndiye taganizirani mwana ali pabwalo mwezi wa October kutentha kwa kuno ku Khombedza. Inki ya bolopeni ndi ya maka adaipangira pepala.

Pali ziwiri zina zimene zimatinyenga chifukwa zimaoneka ngati zathuzathu. Choyamba ndi wanja. N'zoona kuti Mtumiki, Swalla Allahu alayhi wasallam, adayamikira wanja wa ithmid, koma wanja wambiri wogulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro sakhala ithmid. Wambiri atamuyeza m'maiko osiyanasiyana adapezeka ndi mtovu wochuluka, mpaka dziko la America lidaletsa kumulowetsa kwawo. Bungwe la zaumoyo la WHO likunena kuti palibe mlingo wa mtovu umene uli wabwino m'thupi, ndipo mwa ana umaononga ubongo. Chachiwiri ndi hina wakuda. Hina weniweni amasiya mtundu wofiirira ndipo amachedwa kugwira. Wakudayo amamuthira PPD, mankhwala odetsera tsitsi, amene amatha kutulutsa matuza n'kusiya zipsera. Pa Eid tisamalenso ndi ameneyu m'manja mwa atsikana athu.

Nanga tigwiritse ntchito chiyani? Amene ali ndi mwayi wopita ku Salima kapena ku Lilongwe afunse utoto wopangira nkhope wosungunuka ndi madzi, ndipo awerenge pachikuto ngati palembedwa kuti ndi wa pakhungu. Mitundu inayi ndi yokwanira: woyera, wakuda, wofiira ndi wobiriwira. Ndi imeneyi mutha kupanga nkhalamba, wodwala, ngakhale mbendera yathu pa 6 July.

Koma ambiri tidzapanga wathu, ndipo si zovuta. Tengani masupuni awiri a ufa wa kondowole wosefa bwino kwambiri, supuni imodzi ya mafuta odzola amadzimadzi aja a m'botolo, ndi timadzi pang'ono, musakanize mpaka zikhale ngati phala lolimbirako. Umenewo ndi woyera wanu. Gawani m'tizivindikiro toyera, muthire dontho limodzi kapena awiri a kala wa makeke kuti mupeze wofiira ndi wobiriwira. Ufa wa koko umapereka wofiirira ngati dothi, ndipo pakhungu lathu lakudali ndi umene umaonetsa bwino mithunzi kuposa wakuda. Pa mizere yakuda pensulo ya nsidze ya amayi ikukwanira. Kala wa makeke amatha kusiya kamtundu pang'ono tsiku limodzi. Ameneyo ali ngati hina, satchinga madzi. Wotsala tayani tsiku lomwelo, chifukwa ufa wonyowa suchedwa kusasa.

Dzulo lake la sewero, pakani kadontho m'kati mwa mkono wa mwana. Pakafiira kapena kuyabwa, ameneyo asewere wopanda utoto, chipewa ndi ndodo zimukwanira.

Kapakidwe kake nako kali ndi dongosolo. Nkhope ikhale yosamba ndi youma. Dulani siponji yatsopano m'tizidutswa, muinyowetse n'kuifinya mpaka isadonthe, kenako muzigunditsa pang'onopang'ono pakhungu, osakwecha ngati mukutsuka mbale. Yambani ndi mitundu yowala, mudikire iume, yakuda ibwere pomaliza. Mukasemphanitsa zonse zimasanduka matope. Popanga nkhalamba, muuzeni mwanayo akwinye nkhope, mulembe motsata mizere imene yaoneka pamphumi ndi m'mbali mwa mphuno, kenako muifafanize pang'ono ndi chala. Imvi ndi ufa woyera wowaza m'tsitsi. Ndevu zimatuluka bwino pogunditsa siponji youma pachibwano. Oyamba kumene amalakwa popaka zambiri: mizere isanu yolembedwa pamalo pake imaoneka mpaka kwa amene akhala kumbuyo kwa holo. Siyani mpata wa chala chimodzi kuzungulira maso ndi milomo.

Siponji imodzi, mwana mmodzi. Apa sitinyengerera. Chipere chimayenda mosavuta pakati pa ana, ndipo tonse tikukumbukira mmene matenda a maso ofiira adafalikira mu 2024 atayambira ku Karonga. Mwana wa chilonda, chipere kapena maso otuluka manthongo asapakidwe. Ang'onoang'ono osakwana zaka zitatu, amene amatsatira akulu awo ku madrassah, asiyeni. Amangopukuta n'kulowetsa m'kamwa.

A komiti adafunsanso za zimene tingajambule. Pa zithunzi za zamoyo ma ulama ali ndi maganizo osiyana, ndipo ife taona kuti n'kwabwino kusasandutsa nkhope yonse ya mwana kukhala chilombo. Kalulu wa m'nthano amadziwika ndi makutu a katoni, safuna zambiri. Sitilolanso kutsanzira nkhope za Gule Wamkulu. Umenewo ndi mwambo wa anansi athu, uli ndi eni ake ndi malamulo ake, si chovala choseweretsa.

Mnyamata uja adachira patatha sabata, Alhamdulillah, ndipo ndi amene tamuika kuti aziyang'anira bokosi la masiponji. Makolo amene ana awo amatuluka ziwengo akadzola mafuta ena, chonde tidziwitseni kudzera kwa aphunzitsi a kalasi zokonzekera za teremu ino zisanayambe.