KALULU WA KU MWEZI: KUMASULIRA KAPENA KUDULA?

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Zomba kulowera ku Liwonde, akafika pa Domasi dzuwa litapendeka, sachedwa kumva phokoso lochokera m'tinyumba toonetseramo kanema. Pakhomo pamakhala nsalu yotchinga kuwala, ndipo mkatimo mabenchi amadzaza ndi ana ndi akulu omwe. Nkhope zooneka pa kanemapo zimakhala za Matchaina kapena Amwenye, koma liwu lomveka pa chimkuzamawu limakhala la mnyamata wa kuno ku Malawi, mmodzi mwa aja amatchedwa ma DJ, amene amamasulira filimu yonse m'Chichewa nathiramo nthabwala zake ngati mchere.

Masiku ano pabukanso gulu lina la achinyamata, makamaka omwe anamaliza Fomu 4, amene amaunjikana pa foni imodzi kuonera makatuni a ku Japan otchedwa anime. Iwowa amakonda kumva Chijapani chenicheni uku akuwerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi mwa chithunzi. Magulu awiriwa akakumana mtsutso sulephera. Ena amati filimu yomasuliridwa pakamwa ndi yabodza pakuti womasulirayo amanena za m'mutu mwake. Ena amayankha kuti munthu sapita ku kanema kukawerenga ngati ali m'kalasi.

Mtsutso umenewu si wachibwana monga umaonekera. Pansi pake pali funso lalikulu: kodi munthu wosadziwa chilankhulo cha eni nkhani angatsimikize bwanji kuti chimene wapatsidwa ndicho chomwe eni akewo ananena?

CHIGWA CHA OMASULIRA

Funso limeneli si lachilendo m'chigwa cha Domasi. M'chaka cha 1884, Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland anachoka ku Blantyre nakatsegula mishoni kumeneko, m'dziko la Mfumu Malemia. Anthu ambiri omwe anawapeza anali Ayao, motero ntchito yake yoyamba inali kutchera khutu. Mu 1889 anatulutsa buku lophunzitsa Chiyao, ndipo anamasuliranso Chipangano Chatsopano m'chilankhulocho. Pambuyo pake anatsogolera bungwe la omasulira Baibulo m'Chinyanja, momwe William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed anagwira ntchito yaikulu, kufikira Buku Lopatulika linatuluka mu 1922.

Buku Lopatulika linatsata kwambiri mawu a zilankhulo zoyambirira, pamene Buku Loyera la mu 1998 linatsata tanthauzo, nililongosola m'Chichewa cha masiku onse. Mpaka lero anthu amakambirana kuti lomveka bwino ndi liti. Koma pali chinthu chimodzi chimene magulu onse awiri a omasulirawo sanachite: sanang'ambe masamba onena za imfa ya Abele kapena tchimo la Davide poopa kukhumudwitsa owerenga.

Pajatu mawu akuti kumasulira ndi apachibale ndi kumasula. Womasulira amamasula chingwe cha mtolo kuti wolandira aone zamkatimo. Koma pali munthu winanso amene amamasula mtolo mseri, nachotsamo zina, naikamo zake, kenaka namanganso bwinobwino ngati sanaukhudze. Ameneyu ndi wodula, ndipo ntchito yake inaonekera poyera pa zomwe zinachitikira makatuni a ku Japan atawoloka nyanja kupita ku America.

ATSIKANA A MATSENGA

Ku Japan kuli mtundu wa makatuni onena za atsikana a sukulu amene amalandira mphamvu zodabwitsa zogonjetsera zoipa. Oyamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema anali Sally the Witch a Mitsuteru Yokoyama mu 1966. Choseketsa nchakuti maganizo a nkhaniyi anachokera ku sewero la ku America lotchedwa Bewitched, lomwe Ajapani analikonda litaikidwa mawu a Chijapani. Tsono mtundu wonse wa nkhanizi unabadwa chifukwa cha ntchito ya omasulira.

Otchuka koposa onse ndi Sailor Moon. Mayi Naoko Takeuchi anayamba kujambula nkhaniyi m'magazini ya Nakayoshi mu 1991, ndipo kampani ya Toei Animation inaisandutsa makatuni a zigawo 200 omwe anaonetsedwa kuyambira 1992 mpaka 1997. Mwini nkhani ndi Usagi Tsukino, mtsikana wa zaka 14, waulesi pa maphunziro, wosachedwa kulira ndi wokonda kudya, amene mphaka wolankhula amamuuza kuti wasankhidwa kuteteza dziko.

Mu 1995 kampani ya DiC inaika mawu a Chingerezi pa makatuniwa kuti aonetsedwe ku United States ndi ku Canada. Koma sinangomasulira ayi. Zigawo 89 zoyambirira zinatsala 82. Usagi anasanduka Serena, Mamoru anasanduka Darien, Makoto anasanduka Lita. Nyimbo zinasinthidwa, ndipo kumapeto kwa gawo lililonse kunaikidwa kamalangizo ka makhalidwe abwino komwe eni ake sanalembe. Zithunzi zina za misewu zinatembenuzidwa kuti magalimoto aoneke ngati akuyenda kumanja, pamene ku Japan amayenda kumanzere monga kuno ku Malawi.

ZOMWE ZINATAYIKA

Choyamba kutayika chinali kalulu. Dzina lakuti Tsukino Usagi limamveka m'khutu la Mjapani ngati kalulu wa ku mwezi, pakuti makolo a kumeneko amauza ana awo kuti madontho ooneka pa mwezi ndi kalulu amene akusinja mpunga mumtondo. Mwana wa ku Domasi, woleredwa ndi nthano za Kalulu ndi Fisi, akadalimva msanga dzinali kuposa mwana wa ku New York; koma akalandira nkhaniyi kudzera m'manja mwa odula aja, amapeza Serena, dzina lokoma ndithu koma lopanda kalulu.

Chachiwiri chinali imfa. Kumapeto kwa chaka choyamba cha makatuniwa, anzake anayi a Usagi amafa mmodzimmodzi pomuteteza, ndipo iye amatsala yekha pa chipale chofewa asanakakumane ndi mdani. Odula anaphatikiza zigawo ziwiri zomalizazo kukhala chimodzi, nanena kuti atsikanawo anangogwidwa ukapolo. Aliyense amene anamvapo nthano ya Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi amene anasungunuka ndi mvula, angathe kuona kukula kwa cholakwachi. Agogo akanati asinthe nthanoyo kuti Kamdothi anafika kunyumba mvula isanagwe, adzukulu sakanalira, komanso sakanaphunzira kanthu. Kulimba mtima kwa Usagi kumaoneka chifukwa chakuti wataya anzake. Imfayo ikachotsedwa, kulimba mtimako kumapepuka ngati gaga.

Chachitatu chinali chikondi chimene odula anachiona kuti sichiyenera ana a kwawo. Zoisite, amene m'Chijapani ndi mwamuna wokonda mwamuna mnzake, anapatsidwa liwu la mkazi. Mu 2000 kampani ina, ya Cloverway, itafika pa Haruka ndi Michiru, atsikana awiri okondana, inawatcha asuweni, koma zithunzi zoonetsa chikondi chawo zinatsala momwemo, kotero kuti oonera ambiri anangodabwa ndi chibale chotere. Kuno kumene asuweni amaseleulana, ndipo kale ankatha kukwatirana, chophimba chimenechi chikanakhala chobooka kwambiri. Anthu angasiyane maganizo pa nkhani za mtundu umenewu, koma bodza loikidwa pakamwa pa mlembi limakhalabe bodza.

Zoterezi zinaonekeranso makatuni a Cardcaptor Sakura, omwe anali ndi zigawo 70. Ataikidwa m'Chingerezi mu 2000, wailesi yakanema ya Kids' WB ku United States inaonetsa zigawo 39 zokha, niyambira pa gawo lachisanu ndi chitatu pomwe mnyamata Syaoran amatulukira, pofuna kukopa anyamata. Nkhani ya mtsikana inalandidwa kwa mwini wake masana dzuwa likuswa mtengo.

MBALI YA ODULA

Mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi. Makampani amenewa ankatsata malamulo a mapulogalamu a ana a m'dziko lawo, ndipo popanda ntchito yawo ana miyandamiyanda sakanadziwa nkomwe kuti kuli Sailor Moon. Ambiri mwa amene anadzakwiya atakula anayamba kukonda nkhaniyi kudzera mwa Serena yemweyo. Komanso kholo lililonse lili ndi udindo wosankhira mwana wake choonera. Malawi nayenso amaudziwa lumo umenewu, pakuti lamulo la mu 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mafilimu ndi mabuku, lomwe linadula ndi kuletsa zambiri m'zaka za chipani chimodzi.

Koma kunena kuti filimu iyi si ya ana ndi chilungamo. Kuidula mseri ndi kuigulitsa ngati yathunthu ndi chinyengo. Okonda makatuniwa atazindikira zimenezi anayamba kulemba okha mawu a m'munsi pa makaseti a vidiyo ndi kumapatsirana. Pomaliza, mu 2014, kampani ya Viz Media inayamba kutulutsa Sailor Moon wosadula, wokhala ndi mawu a m'munsi komanso mawu atsopano a Chingerezi otsata nkhani yeniyeni, nimaliza ntchitoyo mu 2019. Apa panaoneka kuti kuika mawu pakamwa sikunali vuto; vuto linali lumo.

CHICHEWA CHILI NDI MWAYI

Nawo mawu a m'munsi si angwiro. Amakhala mizere iwiri yokha, yooneka kwa kanthawi kochepa, ndipo amatsekera kunja mwana wa Sitandade 2, agogo ake, ndi aliyense wosathamanga powerenga Chingerezi. Kuonjezera apo, Chingerezicho chimataya zinthu zomwe Chichewa chikanasunga. Mjapani amaika timawu taulemu kumapeto kwa dzina, monga san kwa munthu wolemekezeka ndi chan kwa mwana kapena bwenzi lapamtima. Sakura satchula mlongo wake wamkulu dzina, koma amamuitana ndi mawu ofanana ndi akuti achimwene. Chingerezi chili ndi liwu limodzi loitanira mfumu ndi mwana yemwe, pamene Chichewa chimasiyanitsa iwe ndi inu, mkulu ndi mng'ono, Phiri ndi aPhiri. Pa nkhani ya ulemu, mtunda wochoka ku Tokyo kufika ku Domasi ndi waufupi kusiyana ndi wopita ku London.

Komabe womasulira wa Chichewa ali ndi dzenje lakelake loti alizembe. Mphamvu za atsikanawa azitcha chiyani? Akanena kuti ufiti, pamene pa chithunzi pali mphaka wakuda wolankhula usiku, wanamizira eni nkhani, pakuti m'maganizo mwawo mulibe za kupha abale kapena kufukula manda. Ndipo m'dziko limene ana ndi nkhalamba amazunzidwa ponamiziridwa ufiti, mpaka pali lamulo la mu 1911 loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, liwu limodzi losasankhidwa bwino lingathe kudzetsa misozi. Liwu lakuti matsenga, monga a m'nthano, lili pafupi ndi choonadi. Kusankha kotereku ndiko kumasulira kwenikweni: sikuchotsa kanthu, koma kumafuna nzeru.

Nanga DJ wa m'kanyumba kaja aikidwe mbali iti? Iye ali ndi anzake m'maiko oyandikana: malemu Lufufu wa ku Tanzania, DJ Afro wa ku Kenya, ndi ma VJ a ku Uganda. Ubwino wake ngwakuti sabisa dzanja lake. Amatchula dzina lake mokweza, ndipo aliyense pa benchi amadziwa kuti Mtchaina akatchula Limbe kapena kanyenya, ndi nthabwala za womasulira. Choopsa chake nchakuti kawirikawiri sadziwa chilankhulo cha eni filimu, motero amadalira Chingerezi kapena kungoyerekeza poona zithunzi. Mtolo wadutsa m'manja awiri usanafike kwa mwini wake, ndipo akaphonya mutu wa nkhani palibe womudzudzula.

NTCHITO YA MPHUNZITSI NDI WOMALIZA SUKULU

Domasi ndi malo oyenera kuyambirapo kukonza zimenezi. Ndi pomwe pali Malawi Institute of Education, yokonza zomwe ana a dziko lino amaphunzira, ndiponso Domasi College of Education yosula aphunzitsi a sekondale. Mphunzitsi wa Chichewa kapena wa Chingerezi safunika zida zambiri. Angathe kutenga mphindi zisanu za filimu imodzi, naonetsa ophunzira kawiri, poyamba ndi mawu a m'munsi, kachiwiri ndi mawu a pakamwa, kenaka nawafunsa mafunso atatu: chasungidwa nchiyani, chasinthidwa nchiyani, chatayidwa nchiyani? Wophunzira wozolowera mafunso amenewa sadzanamizidwa msanga ndi womasulira wa pa msonkhano, wa m'khoti kapena wa pa mgwirizano wa ntchito.

Kwa womaliza sukulu amene akusowa chochita, kumasulira ndi luso lodyetsa mwini wake, malinga alemekeze umwini wa eni mafilimu ndi kusunga malamulo awiri. Loyamba: asinthe chovala cha nkhani momwe angathere kuti imveke kwa anthu akwawo, koma asaidule chiwalo. Lachiwiri: pomwe wasintha kapena wasiya, anene poyera. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumoko kakabunthitsidwa pa njira, wolandira mlendo sadzadziwa kuti kanali kakuthwa.

Mwezi ukamatuluka cha ku Nyanja ya Chilwa nuwalira chigwa cha Domasi, madontho ake amakhala omwewo amene ana a ku Japan amaona. Kuti mwana wa kuno adziwe zoti anzake a kutsidya la nyanja amaonapo kalulu wosinja mumtondo, zitengera kukhulupirika kwa amene anamumasulira nkhaniyo.