Ulendo wa Ndege Pakati pa Delhi ndi Tokyo

Ku Asia kuli mizinda iwiri yomveka: wina ndiwo Delhi, kumene kuli likulu la India, unzake ndiwo Tokyo, likulu la Japan. Tokyo ali kutali kum'mawa, pa chisumbu chachikulu chotchedwa Honshu. Mtunda wa pakati pa mizinda iyi ndiwo makilomita ngati 5,900. Munthu woyenda pansi makilomita 30 tsiku ndi tsiku akadatha miyezi isanu ndi umodzi ali panjira, ndipo potsiriza akadaima pagombe, pakuti Japan wazingidwa ndi nyanja yamchere.

Ndege yaikulu yonyamula anthu ithamanga makilomita ngati 900 pa ora limodzi. Tengani masileti anu, ana inu, mugawe 5,900 ndi 900, ndipo mudzapeza maora asanu ndi limodzi ndi theka. Koma ulendo weniweni wochokera ku Delhi kunka ku Tokyo utha maora ngati 8, chifukwa ndege siithamanga ndi liwiro lake lonse ponyamuka ndi potera. Ndiponso siitsata mzere woongoka, koma ilambalala mapiri aatali a Himalaya.

Tsono imvani chodabwitsa. Ndege yomweyo pobwerera ku Delhi itha maora 9, kapena 10. Kodi mizindayo yatalikirana usiku? Iai, mtunda uli womwewo. Chimene chisiyanitsa maulendo awiriwa ndiyo mphepo.

Kumwamba kumene ndege ziyenda, makilomita ngati 10 pamwamba pa nthaka, kuli mphepo yamphamvu imene ife a pansi sitiimva. Iyo iomba kuchokera kumadzulo kunka kum'mawa, ngati mtsinje wosaoneka ndi maso. Ikula mphamvu m'miyezi ya December, January ndi February, pamene ku Japan kuli chisanu, ndipo pamenepo liwiro lake lipitirira makilomita 200 pa ora. Mmodzi wa anthu oyamba kuizindikira ndiye Wasaburo Oishi wa ku Japan. M'zaka za m'ma 1920 iye anali kuulutsa mabaluni, nayang'anitsa kumene atengedwa, napeza kuti onse okwera kwambiri athamangira kum'mawa.

Ganizirani za munthu wopalasa bwato pa mtsinje wa Shire. Potsika ndi madzi afika msanga, pakuti madziwo amkankha. Pokwera achedwa, natuluka thukuta, ngakhale madooko ali omwewo. Momwemonso ndege. Ikamanka ku Tokyo mphepo ili kumbuyo kwake niithandiza. Ikamabwera ku Delhi mphepo ili kumaso kwake niibweza.

Chifukwa chake woyendetsa ndege sanyamuka asanafunse za mphepo ya tsiku limenelo. Akaona kuti idzalimbana naye, athiritsa mafuta ochuluka, pakuti mumlengalenga mulibe poima kuti agule ena, ndipo miyoyo ya anthu mazana ili m'manja mwake. Anthu apanga ndege ndi nzeru zimene Mulungu anawapatsa, koma mphepo sangathe kuilamulira. Angoiphunzira, nayenda nayo mochenjera.

MAFUNSO

1. Tchulani mtunda wa pakati pa Delhi ndi Tokyo.
2. Ulendo uti uchedwa, wonka kum'mawa kapena wonka kumadzulo? Chifukwa ninji?
3. Ndege ithamanga makilomita 900 pa ora, ndipo mphepo ya makilomita 150 pa ora iomba kumaso kwake. Idzayenda makilomita angati pa maora awiri?