Ndandanda wa Matimu a Mpira Monga Chida Chophunzitsira Masamu

Poyendera ophunzira athu amene akuyeseza ntchito ya uphunzitsi m'sukulu za kwa Kabudula, ku Nsaru ndi ku Nambuma, taona chinthu chimene chiyenera kutidetsa nkhaŵa tonse. Mnyamata wa Sitandade 6 amene amalephera kuchulukitsa 7 ndi 3 pabolodi, yemweyo akamva zotsatira za mpira pa wailesi Loŵeruka madzulo amanena msanga mapointi amene timu yake yafikitsa, osagwira pensulo. Mwanayo masamu amawadziŵa, koma sawazindikira akavala malaya a m'kalasi. Ntchito ya mphunzitsi ndiyo kumuonetsa kuti ndi masamu amodzimodziwo.

Tiyambe ndi kufotokoza mmene ndandanda wa ligi umapangidwira, popeza ena mwa inu simuutsata mpira. Mzere uliwonse ndi wa timu imodzi, ndipo umaonetsa maseŵero amene yaseŵera, amene yapambana, amene yafanana mphamvu ndi inzake, amene yagonja, zigoli zimene yamwetsa, zimene yamwetsedwa, ndi mapointi. Kupambana kumabweretsa mapointi 3, kufanana mphamvu pointi imodzi, kugonja kulibe kanthu. Choncho timu imene yapambana kasanu ndi kamodzi, yafanana mphamvu katatu, yagonja kamodzi, ili ndi mapointi 21 pa maseŵero 10. Mphunzitsi alembe mizere isanu pabolodi, afufute manambala ena apa ndi apo, ana awapeze okha.

Funso limene timalikonda kwambiri ndi ili. Mu Super League ya 2024 munali matimu 16, ndipo timu iliyonse inakumana ndi inzake kaŵiri, kwawo ndi koyenda. Maseŵero onse anali angati? Ana ambiri amapeza kuti timu imodzi inaseŵera ka 30, nachulukitsa 30 ndi 16, nayankha kuti 480. Musawadzudzule msanga. Itanani ana anayi kutsogolo, aliyense agwirane chanza ndi mnzake aliyense, kalasi iŵerenge. Posachedwa wina adzaona kuti seŵero limodzi laŵerengedwa kaŵiri, popeza lili ndi matimu aŵiri, ndipo yankho ndi 240. Mwana amene watulukira yekha zimenezi sadzaziiŵala.

Ndandandawu umadziyesa wokha. Zigoli zonse zomwetsa ziyenera kufanana ndi zigoli zonse zomwetsedwa, ndipo chiŵerengero cha kupambana chiyenera kufanana ndi cha kugonja. Zikasiyana, wina walakwitsa pokopera. Timu ya kumunsi imene yamwetsa zigoli 12 ndi kumwetsedwa 20 ili ndi ngongole ya zigoli 8, ndipo pamenepo mwana wakumana ndi nambala yochepera 0 asanamve n'komwe dzina lake.

Kale wopambana ankalandira mapointi 2 okha. Ku England anayamba kupereka 3 mu 1981, ndipo maiko ena anatsatira pambuyo pake. Ana a Sitandade 8 ayerekeze matimu aŵiri: ina yapambana kanayi ndi kugonja kasanu ndi kamodzi, ina yafanana mphamvu maseŵero onse 10. Mwa kaŵerengedwe kakale yoyambayo ili ndi 8, inzake 10. Mwa katsopano ili ndi 12, inzake 10 yomweyo. Afunseni chifukwa chimene akuluakulu a mpira anasinthira lamulolo.

Mbiri ya matimu nayo ithandiza pophunzitsa mzere wa zaka. Wanderers inayamba mu 1962, Bullets mu 1967, Silver Strikers ya ku Lilongwe, yothandizidwa ndi Reserve Bank, mu 1977, pamene Super League yeniyeniyo inayamba mu 1986. Kamuzu Barracks inatenga ligi mu 2016, ndipo Silver inatenga mu 2024. Timu imene agogo ankaitcha Bata Bullets ndiyo inatchedwa Bakili Bullets pamene inafika m'magulu a mpikisano wa akatswiri a mu Africa mu 2004, kenaka Nyasa Big Bullets. Ana akafunse makolo awo dzina limene iwo ankalidziŵa, abwere nalo, aliike pa mzerewo. Maina amasintha malinga ndi amene akupereka ndalama, ndipo ana okulirapo angathe kukambirana zimenezo.

Tichenjeze pa ziŵiri. Mphunzitsi wokonda Maule kapena Manoma asiye chikondi chakecho pakhomo, chifukwa phunziro lingasanduke mkangano wa pamsika wa Namitete. Ndiponso anyamata oŵerengeka okhala ndi wailesi kwawo asalande phunziro lonse. Njira yabwino ndiyo kuti kalasi isunge ndandanda wa maseŵero a sukulu za m'dera lanu, wa mpira wa miyendo ndi wa ntchemberembaye womwe, pa pepala lalikulu la pakhoma, ndipo Lolemba lililonse mtsikana mmodzi ndi mnyamata mmodzi azilembapo zotsatira zatsopano, anzawo n'kumaona ngati zigoli za mbali ziŵirizo zikufanana.